Disiki Yachiwiri ya Kwaya ya Atate

Kwathu ku Bwacha, ukangodziwika kuti umatha kuyatsa kompyuta, wadziputira ntchito ya moyo wako wonse. Ine ndinaphunzira zamakompyuta zenizeni, ndipo ndimayang'anira makina a pa ofesi ina m'tauni. Koma kwa achibale ndi a kutchalitchi ndine mtsikana uja wa mafoni, ngakhale utsikanawo unanditsanzika kalekale. Foni ikadzaza, kwa ine. Munthu akaiwala pasiwedi imene anaipeka yekha, kwa ine. Ndikati ndatopa, amati sukulu inandipatsa matama.

Atate anagwira ntchito ya njanji, monganso agogo amene anachoka kum'mawa ali mnyamata n'kudzakalambira m'Kabwe muno. Atate atapuma ntchito, mphamvu zawo zonse anazitayira mu kwaya ya Chinyanja ya kutchalitchi kwathu, kwaya ya ana a akum'mawa, yoimba pa Misa yoyamba. Nyimbo zambiri zinali za m'mutu mwawo. Anthu ankazijambula m'mafoni, ndipo foni ikabedwa m'minibasi, nyimbo nayo yapita. Ndiye chaka china ndinabwereka makina a pa intaneti, aja amati a pa mtambo. Ndi kompyuta imene suiona ndi maso, ili m'nyumba ya eni ake kutali, koma umailamula uli pa mpando wako. Ife timangoti seva. Ndinaikapo tsamba losavuta, aliyense wa m'kwaya ndi foda yake, kuti aziponyamo nyimbo ndi zithunzi. Ndinasankha seva yaing'ono, ya disiki yaing'ono, poganiza kuti nyimbo za kwaya imodzi zingachuluke bwanji.

Atate anamwalira m'nyengo yozizira. Miyezi yomalizira sankathanso kufika kutchalitchi, choncho kwaya inkabwera kudzaphunzira nyimbo pabwalo pathu, iwo atakhala pa mpando wapulasitiki, atafunda bulangeti m'miyendo. Tsiku lomaliza limene anatsogolera, anthu angapo anajambula, ndipo amai nawonso anajambula pa kafoni kawo. Ndinawaikira nyimboyo m'foda yawo pa seva. Patapita miyezi iwiri chichitikire maliro, kafoni kaja kanagwera m'beseni la zochapa n'kufa. Amai anakhala pansi pomwepo, thovu lili m'manja. Ine ndinawauza monyada kuti asadandaule, zonse zili pa seva, kumeneko sikulowa madzi.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse akatha kusesa, amai ankakhala pakhonde ndi foni yatsopano, n'kutsegula tsamba lija, n'kuvala timahedifoni. Nthawi imeneyo sunkawalankhula. Ngakhale wogulitsa makala ankadziwa, ankangoimika njinga n'kudikira. Nyimbo imeneyo ndi imene inkawadzutsa, ndipo kope lina la zimene iwo anajambulazo kunalibe kwina kulikonse.

Chaka chitatsala pang'ono kukwana, tinayamba kukonzekera kuika chiliza. Apa ndi pamene anthu a m'kwaya anakumbukira kuti ali ndi mafoda. Aliyense anakhuthula foni yake yonse. Vidiyo ya maliro imodzimodziyo inalowa kakhumi, chifukwa wina akatumizira mnzake, mnzakeyo ankaiikanso m'foda yake ngati kuti wajambula yekha. Munalowa zithunzi za nkhata za maluwa, za mapazi a anthu, za denga la tchalitchi, ndi mavidiyo aatali a m'thumba mopanda chooneka. Lachisanu lina, kutatsala sabata imodzi kuti tipite kumanda, seva inakana kulandira kanthu.

Anandiimbira ndi amai apampando a kwaya, mzimayi wa ku Chowa wogulitsa salaula, zovala zakaunjika zija, wa mawu oti akalankhula pa foni umaitalikitsa ku khutu.

“Iwe mwana, vinthu vako vakana. Nifuna kuika ma vidiyo ya ba tate bako, vikamba ati kulibe malo. Ni chani manje?”

Ndinawafotokozera kuti disiki yadzaza, ndipo yadzaza ndi zinthu zofanana. Ndinati ndingofufuta zobwerezabwereza, tisiye chimodzi chimodzi, ntchito ya mphindi zochepa.

“Awe! Ufufute ndani?” anatero. “Munthu tinamuika kale m'manda kamozi, ufuna timuike kabili? Chili chonse chili na nkhope yao kapena mau yao, osagwilako. Wamvela?”

Ndinayesa kunena kuti chithunzi si munthu, ndiponso kuti chimodzi chikatsala palibe chatayika. Anangodula foni. Madzulo nditafika kunyumba ndinapeza nkhani yandidutsa kale. Amai anali kusankha nyemba, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

“Zimene akuuza amai apampando ni zoona. Za omwalira sitifufuta. Ngati nyumba yachepa, timamangako chipinda china.”

Ndinapsa mtima, sindibisa. Anthu awa sanaonepo mkati mwa seva, koma ndi amene ankandilamula zochita nayo. Mumtima ndinkati ndi zikhulupiriro za anthu okalamba. Komabe chipinda chinacho n'chotheka kumanga, ndipo si ntchito yachilendo kwa ine. Umawonjezera disiki yachiwiri, n'kusamutsira katundu kumeneko. Ndinavomera kuti ndichita Loweruka.

Loweruka lake ndinadzuka thupi lili lolemera ngati ndasenza matumba. Sabata yonseyo ndinali ndikuthamanga pakati pa ofesi ndi kwa wosema mwala, amene analakwitsa chilembo kawiri. Azakhali awiri anali atafika kale kuchokera kumudzi, ndipo ine ndinali nditasamukira pa mphasa m'chipinda chochezera. Magetsi anathima m'mamawa, monga mwa masiku onse. Ndinanyamula laputopu n'kukwera minibasi ya m'tauni, chifukwa ku ofesi kuli mabatire a sola. Kondakitala anandipanikiza pakati pa thumba la kapenta ndi bambo wina wogona, ndipo ndinafika mutu ukuwawa.

Mu ofesi munali zii. Ndinatsegula tsamba la eni makina aja n'kupanga disiki yatsopano, yaikulu kuposa yakale kangapo. Pamenepa pali msampha umodzi: disiki iyenera kukhala m'dera lomwelo limene muli seva, apo ayi sizionana. Ndinaonetsetsa, n'kuilumikiza ku seva. Kenako ndinalowa mkati kudzera pa windo lakuda lija lolembapo malamulo, n'kuuza makina kuti andionetse madisiki onse. Inalipo, m'munsi mwa yakale, yopanda kanthu, yosadziwa n'komwe kuti ndi ya chiyani. Disiki yatsopano sungaikemo kanthu usanaifomate, ndiko kuilembera mizere ya mosungira zinthu. Ndinawerenga dzina lake katatu ndisanadinde, chifukwa ukafomata yolakwika walira. Pamenepo ndinasamala kwambiri, ndipo mpaka lero ndimadziseka kuti ndinasamala pa khomo lakumaso n'kusiya lakuseri lili pululu.

Chotsatira chinali kupanga foda yoti disiki yatsopanoyo izionekeramo, ndi kulemba mzere umodzi m'fayilo ina ya makina, kuti seva ikazima n'kuyakanso iziikumbukira. Ukapanda kulemba mzere umenewu, tsiku lina umadzuka disiki yasowa, anthu akukuimbira. Ndinalemba mzerewo bwinobwino, ndi nambala yaitali ya disikiyo osati chilembo chake, poti zilembo zimasinthana. Nditati ndisunge, makina anakana. Palibe malo. Ndinayesanso, anakananso. Disiki yakale inali itadzaza mpaka pakamwa, moti ngakhale kamzere kamodzi kanalibe pogona.

Batire la sola linayamba kulira pakona, kusonyeza kuti latsala pang'ono. Kunja kunali mitambo tsiku limenelo. Njira zinalipo, ndipo ndikuzidziwa zonse. Ndikanalumikiza disiki yatsopano pa foda ina iliyonse yomwe inalipo kale, n'kusamutsirako mavidiyo angapo, malo n'kupezeka. Ndikanafufuta zinyalala za makina eni ake, zimene palibe amazilira. Pa tsamba lija panalinso batani lojambula chithunzi cha disiki yonse usanaigwire, kuti ukalakwitsa ubwerere. Ndinaliyang'ana batanilo, n'kuganiza za nthawi yodikira, n'kulisiya.

Zoona zake n'zakuti sindinkafuna njira yabwino. Ndinali nditatopa, ndipo ndinali ndi kamkwiyo kosatha ka dzulo lake. Ndinkafuna kudzitsimikizira kuti ndingafufute zobwereza popanda wina kuzindikira, kuti lamulo lawo lija n'lopanda pake.

Ndinasanja mafayilo a nyimbo. Panali asanu ndi awiri a dzina limodzi, dzina la nyimbo ija ya tsiku lomaliza, m'mafoda a anthu osiyanasiyana. Ndinatsegula yoyamba: atate akupereka liwu, azimayi akulowa. Yachiwiri, chimodzimodzi. Yachitatu, chimodzimodzi, kungoti galu wa aneba akumveka pafupi. Iliyonse ndinkamvera poyambira pokha, chifukwa mawu a atate m'chipinda chopanda anthu akanandiliza, ndipo sindinkafuna kulira pa desiki ya ntchito. Ndinaganiza mwa ukatswiri wanga kuti pofuna malo, uchotse zikuluzikulu. Ndinasankha zitatu zolemera kwambiri, osayang'ana kuti zili m'foda ya yani. Pa windo lakuda palibe chokufunsa ngati watsimikiza, palibenso bini yokatolamo. Ndinadinda, zinapita.

Zotsalazo zinayenda ngati madzi. Mzere uja unasungika. Ndinakopera katundu yense ku disiki yatsopano, n'kuyerekeza mbali zonse ziwiri, ndipo zinafanana, poti zinkafanana ndi zimene ndinasiya. Ndinauza tsamba kuti kuyambira tsopano lizisunga kumalo atsopano. Ndinazimitsa seva n'kuiyatsanso, disiki inabwera yokha. Ndinatumiza uthenga ku gulu la kwaya kuti malo apezeka, ndipo ndisanatseke n'komwe laputopu, mavidiyo a amai apampando anali atayamba kale kulowa. Anandiyankha ndi timanja towomba tambirimbiri. Batire linathima ndikutseka chitseko.

Lamulungu m'mawa amai sanakhale pakhonde, poti tinalawirira ku Misa yoyamba. Masana ndi pamene anandipatsa foni.

“Taona, nyimbo yanga siitseguka. Kapena ni netiweki?”

Ndinayang'ana m'foda yawo. Munali zithunzi zinayi za ukwati wa mlongo wanga basi. Nyimbo ija munalibe. Koma ndinadzilimbitsa mtima kuti zinayi zatsala, nyimbo ndi yomweyo. Ndinawauza kuti ndi zakusamuka, zina zikulongosoka, ikhala bwino pofika mawa. Ndinalowa kuchipinda, n'kutenga kope la mayi wina woimba alito, lomveka bwino kuposa onse, n'kuliika m'foda ya amai ndi dzina lomwelo. Ndinadziuza kuti ndawachitira zabwino, poti lawo lija linali la kafoni kotchipa.

Lolemba ndinachedwa dala kunyamuka. Ndinaima pa windo la kukhitchini ndi kapu ya tiyi, ndikuyang'ana amai. Anasesa, anasamba m'manja, anakhala, anavala timahedifoni. Mutu unayamba kugwedezeka pang'onopang'ono, ndipo ine ndinapuma. Patapita kanthawi mutu unaima. Anayang'ana foni, anaidinda, anadikira. Kenako anavula timahedifoni n'kutiika pamiyendo. Masiku onse ankakhala pamenepo nthawi yaitali, ndipo ine ndinkayesa kuti amaibwereza nyimboyo kawiri kapena katatu.

“Iwe, tabwera.”

Ndinapita.

“Iyi si yanga.”

“Ni yomweyo, amai. Tsiku lomwelo, nyimbo imozi.”

“Nyimbo ni yomweyo, nanga ine nakana? Koma iyi ithera pa Amen. Yanga siithera pamenepo.”

Ndinakhala pa sitepe. Anandifotokozera mosathamanga, maso ali kumsewu. Tsiku lija nyimbo itatha, anaiwala kuzimitsa foni. Anaiika pa kampando n'kupita kukaperekeza anthu kugeti, ndipo inapitiriza kujambula. Mumamveka mipando ikukokedwa, anthu akutsanzikana, kenako bata. Mumamveka atate akupuma, n'kuyamba kung'ung'udza okha mbali ya abesi imene anyamata anailakwitsa. Kenako amai akubwerako, atate n'kuwapempha madzi. Ankawaitana ndi dzina la paubwana, limene ife ana sitinalimvepo, limene ankawaitana nalo asanakwatirane. Amai ankawakalipira kuti akhala panja nthawi yaitali, iwo n'kuseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti mkazi uyu adzandilamula ndi kumanda komwe. Ankakambirana za mpanda wogwa, ndi zoti mapapaya akuba ndi ana a kuseri. Nkhani zachabechabe, anatero amai, za anthu awiri pabwalo pawo.

“Nyimbo nimaimvera chabe kuti nifike kuja,” anatero. “Uyang'ane bwino, ili mwamene umo. Siunati kulibe chingasowe?”

Ndinati ndiyang'ana.

Masiku atatu otsatira ndinagwira ntchito ya ku ofesi ndi theka la mutu. Pali zida zofufuzira zimene zafufutidwa, chifukwa fayilo ikachotsedwa, mabwinja ake amakhalapo mpaka china chitalembedwa pamwamba. Ndinajambula chithunzi cha disiki yakale, chimene ndinakana kujambula Loweruka, n'kuyamba kukumba. Koma pa disiki yodzaza chonchija, malo amene ndinatsegula ndi okhawo amene makina anali nawo, ndipo anawalembapo nthawi yomweyo: mzere wanga uja, zolemba zawo za tsiku ndi tsiku, ndi zidutswa za mavidiyo olowa. Ndinatola theka la chithunzi cha nkhata ndi phokoso la masekondi ochepa losamveka kanthu. Ndinalembera eni makina, ndipo anandiyankha mwaulemu kuti iwo sasunga zimene mwini wake sanawauze kusunga.

Ndinapita mpaka ku Chowa, kwa amai apampando, kukafunsa ngati amai anatumizirapo wina aliyense fayilo yawo. Ndinawapeza akupachika majekete pa chingwe, fumbi la kumgodi likuwomba. Sindinawauze chifukwa, koma iwo si mwana. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Ija ya ba mai bako sibanapatseko munthu. Banakamba ati ni yao beka.” Anasiya kupachika. “Wagwilako, ai?”

Ndinavomera ndi mutu. Ndinkayembekeza kuti andikalipira mpaka msika wonse umve, ndipo mwina zikanandipepukira. Anangotembenuka n'kupitiriza kupachika majekete.

“Yenda ukabauze weka. Ine sinizakamba.”

M'minibasi yobwerera ndinkayesa mabodza osiyanasiyana. Ndikanati makina anaononga okha posamuka, ndipo amai akanakhulupirira, poti sadziwa kusiyana kwake. Ndikanati eni seva ndi amene anataya. Bodza lililonse linali lokwana bwino. Chimene chinandikanika n'chakuti m'mawa uliwonse wa sabata imeneyo ankandifunsa ngati yapezeka, mofatsa, ngati akufunsa za dokotala amene wachedwa, ndipo akanapitiriza kufunsa mpaka kalekale.

Ndinauza amai Lachisanu masana, chiliza chili mawa lake. Magetsi anali atabwera, ndipo anali kusita nsalu yoyera yophimbira mwala, azakhali atapita kumsika. Ndinaima pakhomo n'kunena zonse mwa dongosolo lake: kuti disiki inadzaza, kuti njira zina zinalipo, kuti ndinafufuta ndi dzanja langa zinthu zitatu ngakhale anandiletsa, kuti ndinaika ya munthu wina m'foda yawo kuti asadziwe, ndi kuti ndafufuza paliponse koma siidzabweranso. Sindinadzichepetsere mlandu. Ndinali nditatopa kwambiri moti ngakhale mphamvu yodzikometsera ndinalibe.

Amai anaimika ayironi. Sanalire, sanakweze mawu. Anafunsa chinthu chimodzi.

“Iwe unaimverako mpaka kumapeto?”

“Iyayi, amai. Poyamba pokha.”

“Ndiye sunawamve.”

“Sininawamve.”

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndinaona kuti chimenechi chinawapweteka mwa mtundu wina, kuti tsopano palibenso munthu wachiwiri pa dziko amene angavomereze kuti mawu aja analipo. Anasalaza nsalu ndi chikhatho pamene panalibe khwinya.

“Loweruka lija unachoka ine nili pakhonde, sininayambe n'komwe kumvera, azakhali ako ananiitana,” anatero. “Ninati nizamvera mawa. Ukananiuza chabe kuti ufuna kuichotsa, sembe sininakuletse kawiri. Nikanakupempha unidikire niimvereko komaliza.”

Ndinafuna kunena pepani, koma liwulo linali laling'ono kwambiri. Iwo anazimitsa ayironi pakhoma, ananyamula nsalu ija, n'kundipatsa nsonga ziwiri.

“Gwira uko, tipinde. Usaigwetse pansi, yachapidwa.”